Laputopu ya magemu ikabweza moto



Dandaulo limene tikambirane lero ambiri a inu munalimvapo, ndipo ena munalinenapo nokha. Munthu wagula laputopu ya magemu, yolemera bwino, pa sitika palembedwa Core i7 ndi GeForce RTX. Akatsegula gemu, poyamba zonse zimayenda myaa. Pakapita kanthawi mafani ayamba kukuwa, chithunzi chiyamba kudodoma, kibodi yatentha. Kwathu kuno ambiri ogula makina amenewa sagulira magemu okha ayi. Ena amakonzera makanema a maukwati ndi a nyimbo, ena amajambulira mapulani a nyumba pa AutoCAD, ndiye kuchedwa kwa makina kumawadyera ndalama. Mwini wake amafulumira kunena kuti anamupusitsa, kapena kuti mwalowa vairasi. Koma kawirikawiri makinawo amakhala abwinobwino. Purosesa imakhala ikubweza moto dala, zimene akatswiri amati throttling, ndipo ili ndi zifukwa zingapo zochitira zimenezi. Mfundo yanga ndi yakuti liwiro la laputopu silili m'dzina la pa sitika lija. Lili m'mawati amene kampani yopanga laputopuyo inalola, ndi m'kutentha kumene makinawo angathe kutaya.

Tiyambire pa magetsi. Wati iliyonse imene purosesa yadya imasanduka kutentha, palibe yopita kwina. Purosesa yodya mawati 45 ikutulutsa kutentha kwa mawati 45, ndipo kukutuluka pa kachidutswa ka silikoni kakang'ono kwambiri. Kutentha kumeneku kumadutsa mu thermal paste, kulowa m'timapaipi ta kopa tokhala ndi timadzi pang'ono m'kati. Timadzito timasanduka nthunzi pamwamba pa purosesa, nthunziyo imathamangira kumapeto kumene kuli tizitsulo topyapyala tambirimbiri, fani imauzira mpweya pamenepo, nthunzi imasandukanso madzi n'kubwerera. Njira yake ndi yomweyi basi. Pakatsekeka paliponse pa njirayi, kutentha kumaunjikana.

Tsono kudya kwa purosesa sikukwera mofanana ndi liwiro. Kuti ithamange kwambiri imafuna voteji yokwererapo, ndipo voteji imawerengedwa kawiri pa masamu a mphamvu. Mukakweza voteji ndi 10 pa 100 alionse, kudya kumakwera ndi 21. Mukakwezanso liwiro ndi 10 yemweyo, kudya konse kwakwera ndi pafupifupi 33 pa 100. Mwapindula gawo limodzi, mwalipira magawo atatu. Chonde masamu awa muwasunge, chifukwa nkhani yonse ya lero yatsamira pamenepa.

Makampani anaphunzira izi movutikira. Pentium 4 itatuluka mu 2000, Intel inkayembekezera kuti liwiro lizingokwera mpaka kufika pa 10 GHz. Linathera pa 3.8 GHz. Mu 2004 anasiya purosesa yotsatira imene inkatchedwa Tejas, chifukwa cha kutentha ndi kudya magetsi, ndipo anayamba kuchulukitsa ma core m'malo mothamangitsa imodzi. Mu 2008 anabweretsa Turbo Boost, yolola purosesa kupitirira liwiro lake la masiku onse ngati mpata ulipo. Mu 2011, ndi mapurosesa a Sandy Bridge, anawonjezera kuti ingathe kudya magetsi opitirira muyezo wake kwa kanthawi, pamene zitsulo zoziziritsira zisanatenthe. Apa m'pamene panachokera malire amene akutisautsa lero.

Pa mapurosesa a Intel pali malire awiri akuluakulu a mphamvu. PL1 ndi mawati amene purosesa ingadye kwa nthawi yaitali osalekeza. PL2 ndi mawati ochulukirapo amene ingadye kwa kanthawi. Kutalika kwa kanthawiko kumatchedwa Tau, ndipo pa malaputopu ambiri amaika masekondi 28, ena 56. Wa kabaza akafika pa chitunda atanyamula munthu, amaimirira pa mapedulo n'kupalasa ndi mphamvu zake zonse, poti anapumako kutsetsereko. Chitunda chikatalika amakhala pansi n'kumapalasa mmene mpweya wake ukumulolera. Njinga siinathyoke, mwini wake sanadwale. Purosesa nayonso imawerengera mmene yakhala ikudyera m'masekondi apitawa. Ikakhala kuti inali chete, imakhala ndi mpata wothamanga. Mpatawo ukatha imatsikira pa PL1, ngakhale isanatenthe n'komwe.

Titenge Core i7-9750H ya mu 2019, imene ili m'malaputopu ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amene akugulitsidwa masiku ano. Ili ndi ma core 6, muyezo wake ndi mawati 45, liwiro lake lokhazikika ndi 2.6 GHz, ndipo la turbo ndi 4.5 GHz. Wogulitsa amakuuzani 4.5 ija. Koma 4.5 ndi ya core imodzi pa ntchito yopepuka. Onse 6 akamagwira pamodzi safika pamenepo, ndipo pa ntchito yolemetsa, purosesa itamangidwa pa mawati 45, kawirikawiri imakhazikika chapafupi ndi 3 GHz. Chimene Intel inalonjeza pa mawati 45 ndi 2.6 ija. Choncho mukaona 3.1 GHz pakati pa ntchito yaikulu, musatsegule makina kufunafuna matenda. Mukaona ikutsika pansi pa 2.6, pamenepo ndiye pali nkhani.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti manambala a PL1, PL2 ndi Tau saikidwa ndi Intel yokha. Intel imapereka uphungu, koma woika ndi kampani yopanga laputopu, kudzera mu BIOS ndi kachipangizo kena ka pa bodi kotchedwa embedded controller. Kampani ina, poona kuti laputopu yake ndi yokhuthala ndipo ili ndi timapaipi tambiri, imakweza PL1 kupitirira 45. Ina, pofuna laputopu yopyapyala ndi yosasokosa, imaitsitsa. Purosesa imodzimodzi, liwiro losiyana. M'mibadwo yatsopano mpatawo wakula kwambiri. Core i7-12700H ya mu 2022 imayambira pa mawati 45 koma imaloledwa kufika pa 115. Core i9-13980HX ya mu 2023 imayambira pa 55 kukafika pa 157. Pakati pa 55 ndi 157 pali makina osiyana kotheratu, koma sitika ndi imodzi. AMD ili ndi malire akeake a kanthawi kochepa ndi a nthawi yaitali, ndipo inawonjezera njira yotchedwa STAPM, imene imaganizira kutentha kwa chikuto cha laputopu, kuti manja ndi ntchafu za mwini wake zisapse.

Malire a kutentha ndi ena apadera. Mapurosesa a Intel amene ndatchulawa amayamba kubweza moto akafika madigiri 100, ndipo makampani ena amatsitsako pang'ono malirewo. Ryzen 7 5800H ya AMD imaloledwa mpaka 105. Manambalawa amaopsa munthu akangowaona, koma purosesa inapangidwa kuti izidziteteza pamenepo: imatsitsa liwiro ndi voteji, ndipo zikakanika imazimitsa makina onse. Kusiyanitsa malire awiriwa n'kofunika kwa mmisiri. Laputopu imene yatsika liwiro ili pa madigiri 78 yagunda malire a mphamvu, ndipo ngakhale mutasintha thermal paste kangati, liwiro silisintha. Imene ili pa 99 kapena 100 koma ikudya mawati 30 okha, imeneyo ndiye ikulephera kutaya kutentha, ndipo ikufuna manja anu.

Ku mbali ya GPU, imene imajambula zithunzi za gemu, nkhani yake ndi yowawa kwambiri kwa wogula. GeForce RTX 3060 ya mu laputopu, imene inatuluka mu 2021, NVIDIA inalola kuti iikidwe paliponse kuyambira pa mawati 60 mpaka 115. RTX 3070 ndi kuyambira 80 mpaka 125. RTX 4060 ya mu 2023 ndi kuyambira 35 mpaka 115. Taganizirani: anthu awiri agula RTX 4060, wina ya mawati 45, wina ya 105, ndipo onse akukhulupirira kuti agula chinthu chimodzi. Ndiponso RTX 3070 yomangidwa pa 80 siisiyana kwenikweni ndi RTX 3060 yomasulidwa pa 115, chonsecho mtengo wake ndi wokwera. Kuyambira 2017 ma GPU ochepetsedwa mphamvu ankadziwika ndi dzina loti Max-Q. Mu 2021 dzinalo linaleka kukhala chizindikiro cha zimenezi, anthu anadandaula, ndipo NVIDIA inalamula makampani kuti azilemba poyera mawati ndi liwiro la GPU ya laputopu iliyonse. Lamulolo ndi labwino, koma limathera pa tsamba la kampani. Laputopu ikamadzafika pa shelefu ya sitolo ku Lilongwe kapena ku Limbe, itadutsa m'manja awiri kapena atatu, nambala imeneyo palibenso amene amaitchula. Ine ndimaona kuti kugulitsa makina otere osanena mawati n'kumubisira wogula theka la katundu.

Purosesa ndi GPU zimadyera pa tchaja imodzi, ndipo pa malaputopu ambiri zimagawananso timapaipi ta kopa tija. N'chifukwa chake mu 2020 NVIDIA inabweretsa Dynamic Boost, ndipo AMD inabweretsa SmartShift. Gemu ikamalemetsa GPU, makina amalanda mawati ena ku purosesa n'kupatsa GPU. Mukaona purosesa yatsika kudya pakati pa gemu koma chithunzi chikuyenda bwino, isiyeni, ikugwira ntchito yake.

Tsopano tifike pa tchaja, chifukwa apa ndi pamene makina ambiri kwathu kuno amapunthwira. Purosesa ya mawati 45, GPU ya 115, sikirini, mafani ndi zina zonse, n'chifukwa chake matchaja a malaputopu a magemu amakhala a mawati 180, 230, ena mpaka 330. Laputopu yobwera yogwiritsidwa kale ntchito nthawi zambiri imafika yopanda tchaja yake, ndiye wogulitsa amangofunapo ina imene mutu wake walowa. Mutu kulowa sikokwanira. Tchaja ya mawati 90 imayatsa makinawo bwinobwino, imadzaza ndi batire lomwe, koma gemu ikangoyamba makina amabweza moto, kapena amayamba kukoka mphamvu ku batire, batirelo n'kumatsika chonsecho waya uli ku khoma. Malaputopu ambiri a Dell ali ndi kapini pakati pa mutu wa tchaja kamene kamauza makina mawati a tchajayo. Kapiniko kakathyoka, kapena tchaja ikakhala yachinyengo, makina sadziwa mphamvu imene ali nayo, choncho amatsitsa liwiro kwambiri podziteteza. Ya USB-C nayo musaidalire pa gemu: kwa zaka zambiri malire ake anali mawati 100, ndipo ngakhale muyezo wa mu 2021 unalola 240, malaputopu ambiri amene tili nawo salandira zimenezo.

Magetsi akathima, batire silingalowe m'malo mwa tchaja. Makampani sapitirira 100 Wh chifukwa ndiwo malire a batire lolowa m'ndege popanda chilolezo chapadera, ndiye mumaona 99.9 Wh pa malaputopu akuluakulu. Batire lotere litati lipereke mawati 200 likhoza kutha m'theka la ola, ndipo kulikama motero kungaliwononge. Choncho waya ukangozulidwa makina amadula mphamvu ya purosesa ndi GPU yomwe. Amene mumadalira invetala ndi sola, werengerani mawati a tchaja yanu onse, musiyenso mpata pamwamba pake.

Pali chizindikiro china chimene ndikufuna mmisiri aliyense achidziwe. Laputopu ndi yozizira, fani ili phee, koma Task Manager ikuonetsa 0.79 GHz osasuntha. Kawirikawiri imeneyo ndi BD PROCHOT. Ndi njira imene zipangizo zina za pa bodi zimauzira purosesa kuti itsike msanga: mwina zigawo zoipatsa magetsi zatentha, mwina batire lafufuma kapena lafa, mwina tchaja siikudziwika, mwina kachipangizo koyeza kutentha kawonongeka ndipo kakunama. Pulogalamu ya ThrottleStop, yolembedwa ndi Kevin Glynn, ili ndi kabokosi kozimitsira BD PROCHOT, ndipo mukakachotsa chizindikiro liwiro limabwerera nthawi yomweyo. Kasitomala amasangalala, amalipira, amapita. Ndikukupemphani, amisiri anzanga, kabokosi kameneka kazikuthandizani kupeza gwero la vuto, osati kulikwirira. Ngati chikunama ndi kachipangizo koyezera, mwina palibe choopsa. Koma ngati zigawo za magetsi zikupsadi, mwatseka pakamwa mlonda yekhayo amene amakuwa, ndipo bodi ya laputopu ya magemu ikapsa mtengo wake umayandikira wa makina ena.

Nyengo yathu nayo ili ndi gawo lake. Fani siipanga kuzizira, imangosamutsira kutentha ku mpweya wa m'chipinda. Laputopu imene inayesedwa m'chipinda cha madigiri 22 n'kufika pa 85, mukaiika m'chipinda cha madigiri 35 idzafika chapafupi ndi 98 pa ntchito yomweyo. Makampani ambiri amalemba kuti malaputopu awo azigwira ntchito pa malo osapitirira madigiri 35. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira 40, ndipo ngakhale kumtunda kuno, nyumba ya malata yopanda siling'i masana imatentha koposa panja. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe, limene limalukana ndi ulusi wa zofunda n'kupanga kachikuto kuseri kwa fani. Kachikuto kameneka simungakaone kunja, kamafuna kuchotsa fani. Ndipo laputopu yoikidwa pa bedi kapena pa mkeka wa nsalu imakhala itatsekedwa mphuno, chifukwa mpweya umalowera pansi. Kungoikweza kumbuyo pang'ono pa tebulo kumathandiza kwambiri, popanda kulipira kalikonse.

Nthawi zina cholakwa chimakhala cha kampani. Mu Julaye 2018 Apple inatulutsa MacBook Pro yokhala ndi Core i9-8950HK, ya 2.9 GHz yokhazikika ndi 4.8 ya turbo. Dave Lee, wounika makompyuta pa YouTube, anaonetsa kuti pokonza kanema mu Premiere Pro makinawo ankatsika pansi pa 2.9 ija, ndipo atawaika mu firiji ntchito imene inkatenga mphindi pafupifupi 40 inatha m'mphindi 27. Pa 24 Julaye Apple inapepesa, n'kutulutsa pulogalamu yokonza vutolo, ponena kuti munali cholakwika mu firmware yoyang'anira kutentha. Si laputopu ya magemu, koma phunziro lake ndi lathu: musanagwire sikuludiraiva, onani ngati BIOS ndi madiraiva ndi atsopano, ndiponso ngati pulogalamu ya kampani siili pa Silent m'malo mwa Performance. Za firiji zokha musayese. Chinyontho chimene chimachita mame pa bodi chimapha makina.

Kwa zaka zingapo mankhwala okondedwa anali undervolting, kutsitsako voteji pang'ono kuti purosesa ithamange liwiro lomwelo ndi mawati ochepa. Pa masamu aja mukuona chifukwa chake zinkagwira ntchito, makamaka pa mapurosesa a 2018 ndi 2019. Koma mu Disembala 2019 ofufuza a ku University of Birmingham, KU Leuven ndi Graz University of Technology anaonetsa kuti munthu woipa angatsitse voteji dala kuti purosesa ilakwitse masamu, n'kuba makiyi achinsinsi m'chigawo chotetezedwa cha Intel SGX. Anatcha njirayi Plundervolt. Zitatero makampani ambiri anatseka undervolting kudzera mu BIOS yatsopano. Ndiye mukaona ThrottleStop kapena Intel XTU ikukana kusintha voteji, makina sanawonongeke, khomo linatsekedwa dala.

Pali njira ina imene anthu amainyoza koma ine ndimaikonda: kutsitsa malire nokha. Ambiri amafunafuna mokwezera PL1, poganiza kuti mawati ambiri ndiwo liwiro. Ngati zoziziritsira sizingataye kutenthako, mwangochoka pa malire a mphamvu n'kukagunda malire a kutentha, ndipo kumeneko liwiro limakwera n'kugwa, kukwera n'kugwa. Kudodoma kumene wosewera amadana nako kumachokera pamenepo. Gemu yoyenda mokhazikika pa mafulemu 60 imakoma kuposa yolumpha pakati pa 90 ndi 35. Mukatsitsako PL1, kapena mukaika malire a mafulemu m'gemu momwemo, kapenanso mukaika Maximum processor state ya Windows pa 99, zimene pa makina ambiri zimazimitsa turbo, mumataya liwiro pang'ono koma kutentha kumatsika kwambiri. Magemu ambiri amalemetsa GPU kuposa purosesa, choncho purosesa ikazizira GPU imapeza mpata pa timapaipi timene zimagawana.

Za thermal paste ndinene mwachidule. Yakale youma isinthidwe, inde, ndipo masikuluwu amangidwe motsatira manambala olembedwa pa chitsulo. Koma liquid metal, imene ASUS inayamba kuika m'malaputopu ake ambiri a ROG mu 2020, imadutsitsa magetsi ndipo imadya aluminiyamu. Kadontho kamodzi kakagwera pa bodi, zatha. Ngati simunaphunzire kuigwira, musayambire pa laputopu ya kasitomala.

Zonsezi zimayamba ndi kuyeza, ndipo zida zake ndi zaulere. HWiNFO imaonetsa madigiri, mawati ndi liwiro la core iliyonse, komanso imanena ngati chagwira purosesa ndi kutentha, malire a mphamvu, kapena PROCHOT. GPU-Z ili ndi mzere wa PerfCap Reason umene umanena zomwezo za GPU. Cinebench R23 imalemetsa purosesa kwa mphindi 10, nthawi yokwanira kuti PL2 ithe ndi kuti zitsulo zitenthe, ndiye mumaona liwiro lenileni la makinawo, osati la masekondi oyambirira. Amisiri, lembani manambala musanatsegule makina, mulembenso mutatseka, ndipo mumuonetse kasitomala onse awiri.

Kwa inu amene mukusunga ndalama zogulira laputopu, musalipire musanachite zinthu izi pa sitolo pomwepo. Tembenuzani tchaja muwerenge mawati ake, muyerekeze ndi zimene zalembedwa pansi pa laputopu. Tsegulani NVIDIA Control Panel, pitani pa System Information, muone Maximum Graphics Power. Kenako pemphani mphindi 10 za Cinebench, HWiNFO ili yotsegula pambali, ndipo muyang'ane liwiro, mawati ndi madigiri a m'mphindi yomaliza. Mukaona liwiro lili pansi pa lokhazikika la purosesayo, funsani kuti makinawo atsegulidwe, atsukidwe, ndi kuyesedwanso musanakambe za mtengo.